Mukufuna kulowa ndi njinga ya gravel m'tinjira ta m'nkhalango za m'mapiri? Yambani chonchi

Tsiku loyamba limene ndinalowa m'nkhalango ya m'mapiri pa njinga ndinayang'ana pa mapu nkuona makilomita 45, mumtima ndinati awa nde ochepa, pa tala ndimawamaliza maola awiri asanakwane. Ndinatulukamo patatha maola asanu, madzi atatha kalekale, miyendo ikunjenjemera, dzuwa litapendeka. Njinga inalibe vuto lililonse. Cholakwika chinali choti ndinawerenga makilomita koma zitunda osaziwerenga, ndipo m'mapiri zitunda ndi zimene zimalamula ulendo wonse. Nde ndati ndikulembereni m'mene ndimakonzekera masiku ano, kuyambira pa mapu mpaka pobwerera kunyumba, chifukwa kupalasa m'kanjira kopanda galimoto, mitengo uku ndi uku, ukungomva timiyala tikuthetheka pansi pa tayala, ndi chinthu chokoma zedi ndipo sindikufuna munthu achide chifukwa cha ulendo umodzi wosakonzekera.

Kwa amene simunaionepo, njinga ya gravel, yopangidwira misewu ya dothi ndi timiyala, imaoneka ngati ya mpikisano ija, handulo yopindikira pansi, koma matayala ake ndi onenepako, felemu ili ndi mpata woti matope azidutsa, ndipo mabuleki ake nthawi zambiri ndi a disc, aja ofinya kambale kachitsulo pakati pa wilo. Njinga zimenezi zatchuka mwachangu, kampani ya Shimano inatulutsa magiya ake a GRX opangidwira gravel mu 2019 ndipo pofika 2022 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano wake woyamba wa gravel wa dziko lonse lapansi ku Veneto, ku Italy. Koma musati mudikire kugula yoteroyo kaye ayi. Mountain bike imayenda bwinobwino m'njira zimenezi, olo njinga ina iliyonse yolimba bola ikhale ndi matayala otakata, magiya ofewa ndi mabuleki ogwira.

Choyamba, sankhani njira, ndipo apa khalani pansi ndithu musathamange. Tsegulani pulogalamu ya mapu ngati Komoot, Strava kapena Ride with GPS, jambulani njira yanu, kenako siyani kaye nambala ya makilomita muyang'ane inayo, ya mamita amene mukwere onse pamodzi. Ine ndimagawa mamitawo ndi makilomita. Ikatuluka yosakwana 10 pa kilomita iliyonse, ulendo ndi wofewa. Ikafika 15 mpaka 20 dziwani kuti thukuta lilipo. Kupitirira 20 nde ndi ntchito yeniyeni, imeneyo isungeni kaye. Ulendo wanga uja unali ndi mamita opitirira 1,000 pa makilomita 45, werengani nokha. Poyambira ndikanakonda mutenge makilomita 20 kapena 25 okhala ndi mamita 300 mpaka 400 basi, mubwereko mukufunabe zina.

Yang'ananinso maperesenti a chitunda chilichonse. Akati 10% ndiye kuti pa mamita 100 alionse mukukwera mamita 10, pa tala zimenezo zimatheka, koma pa timiyala toterereka tayala lakumbuyo limayamba kupala pansi osagwira. Njira nazonso zili mitundumitundu. Pali zija zinali njanji kale nkuzisandutsa njira za oyenda pansi ndi njinga, zimenezi ndi zabwino kwambiri kwa woyamba chifukwa sitima sikwera chitunda cholimba, nde kukwera kwake nthawi zambiri sikudutsa 2 kapena 3%. Pali misewu ya m'nkhalango imene anailambula kuti azitulutsira matabwa, yotakata, yothira miyala, koma imatha kukwera mosanyengerera. Kenako pali tinjira tating'ono ta munthu mmodzi, mizu ndi miyala thoo, timeneti tidikireni kaye mpaka manja azolowere. Ngati nkotheka konzani njira yozungulira imene chitunda chachikulu chili koyambirira mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera muzingotsetsereka.

Musananyamuke fufuzani ngati njinga zimaloledwa m'nkhalangomo, si njira zonse ayi, ndipo zina amatseka nthawi yodula mitengo kapena nyengo ya moto. Mapu aja asungeni mufoni kuti azitseguka popanda intaneti, m'zigwa netiweki imasowa nthawi imene mukuifunitsitsa. Ndiye muuze munthu mmodzi kumene mukupita ndi nthawi imene mubwere. Ichi musachiphonye chonde, njira yopanda magalimoto ndi yokoma koma ndi yomweyonso yopanda wokutolani mukagwa.

Tikatero tibwere pa matayala, pamene anthu ambiri amalakwitsa. Tinazolowera kuti tayala labwino ndi lopopa mpaka gwa ngati mwala. Pa miyala zimenezo zimakupwetekani. Tayala louma kwambiri limangodumphadumpha pa kamwala kalikonse, nthawi imene lili m'mwamba silikugwira pansi, buleki siigwira, kona siigwira, ndipo kunjenjemera konseko kumathera m'manja ndi m'msana mwanu. Lofewerako limawinda kamwalako nkupitirira. Kukula kwake, mamilimita 38 mpaka 45 amakwana njira zambiri za m'nkhalango, nambala yake yalembedwa m'mbali mwa tayala, mwachitsanzo 700x40, nambala yachiwiriyo ndiyo kunenepa kwake. Munthu wolemera makilogalamu 70 kapena 75 pa tayala la 40 lopanda chubu atha kuyambira pa mpweya wa 35 psi pa geji ya pampu, nkumatsitsa kapena kukweza pang'onopang'ono, lakutsogolo likhale lofewerako pang'ono kuposa lakumbuyo poti kulemera kwambiri kuli kumbuyo. Wolemera kuposa apo awonjezere. Ngati muli ndi machubu onjezeraninso pang'ono, chifukwa tayala likafewetsa nkugunda mwala, limu imatsina chubu nkusiya timabowo tiwiri togundizana ngati yalumidwa ndi njoka. Mukamva limu ikugogoda pansi, mpweya wachepa. Mukamva mano akugundana, wachuluka. Pezani pampu yokhala ndi geji, chala chimanama.

Za tubeless, matayala opanda chubu aja, ine ndimazikonda ndipo sindibisa. Mumathira timadzi tomata mkati, sealant, pafupifupi mamililita 60 pa tayala, minga ikabaya timadzito timatseka bowo inu muli pa ulendo osadziwa nkomwe. Koma timauma pakapita miyezi ingapo, nde muzigwedeza wilo kumvetsera ngati mukadali kanthu.

Kenako magiya. Werengani mano a magiyawo. Giya yanu yofewetsetsa ikhale yoti mano akutsogolo ndi ofanana kapena ochepa kuposa a giya yaikulu yakumbuyo. Kutsogolo 40 kumbuyo 42, zili bwino. Kutsogolo 46 ndi 30, kumbuyo mpaka 34, zili bwino kwambiri. Koma ngati kutsogolo kochepetsetsa ndi 34 ndipo kumbuyo kumathera pa 28, mawondo anu adzalira pa chitunda chachitali. Palibe amene anadandaulapo kuti giya yafewetsa ali pakati pa phiri.

Usiku woti mawa ulendo, gwirani mabuleki onse awiri muone ngati akuluma msanga, suzumirani mapadi ngati sanathe, gwedezani mawilo, mangani mabawuti a handulo ndi chishalo chifukwa kunjenjemera kwa miyala kumamasula zinthu. Tcheni ipukuteni, dontheza oilo, pukutaninso wotsalayo, oilo wochuluka amangoitana fumbi. Basi.

Zonyamula. Chubu chimodzi kapena ziwiri olo muli pa tubeless, pampu, tozulira tayala, zigamba ndi guluu wake, kabokosi ka ma allen key kokhala ndi chodulira tcheni, quick link yolumikizira tcheni ikaduka, yogwirizana ndi tcheni yanu, ya 10, 11 kapena 12 malinga ndi magiya akumbuyo, timapulagi totsekera bowo lalikulu la tubeless. Chimene ambiri sachidziwa ndi hanger, kachitsulo kofewa kamene kamagwira derailleur, chosinthira magiya akumbuyo chija, ku felemu. Anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu, ndipo m'nkhalango kamtengo kakangolowa m'masipoko kachitsuloko kamapita. Njinga iliyonse ili ndi mtundu wake, nde gulirani kanu kapadera muziyenda nako, nkopepuka ngati kiyi.

Madzi werengerani theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola, kukatentha kuposa apo, ndipo musadalire kuti mukapeza potunga. Ulendo ukapitirira ola ndi theka thupi limafuna chakudya chopatsa mphamvu msanga, cha shuga kapena sitachi, magalamu 30 mpaka 60 pa ola. Idyani pang'onopang'ono njala isanabwere, chifukwa ikakupezani pa chitunda miyendo imangozima ngati nyali yatha mafuta ndipo kuti idzukenso zimatenga nthawi. Tengani kajekete kopepuka kotchinga mphepo. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, kuwonjezera apo mwafika pamwamba malaya ali chonyowa ndi thukuta kenako mukutsika mphepo ikukuwombani, mumazizidwa mpaka zala kukanika kugwira buleki. Helimeti sitikambirana, valani. Magalasi akhale oyera kapena osada kwambiri poti m'nkhalango mumachoka padzuwa kulowa mumthunzi kamphindi kalikonse, akuda bii amabisa maenje. Magolovesi, katochi ka kutsogolo ndi kofiira ka kumbuyo, bandeji, pawabanki.

Tsopano mwafika, mwayamba kukwera. Lamulo langa ndi loti ngati sindingathe kulankhula chiganizo chathunthu ndiye kuti ndathamanga. Yambani chitunda pang'onopang'ono kuposa m'mene mtima ukufunira, zitunda za m'nkhalango zimabisala kuseri kwa mitengo, mumaona ngati pathera pakona apo, mukafika nkupeza chikupitirira. Sinthani giya chitunda chisanalimbe, ndipo posinthapo fewetsani phazi pang'ono, kusintha mukuponda ndi mphamvu zonse nkumene kumadula tcheni. Miyendo izizungulira mopepuka, osati kukankha pedulo ngati mukuponda mwala.

Khalani pa chishalo. Pa tala tinazolowera kuimirira chitunda chikalimba, koma pa timiyala mukangoimirira kulemera kumachoka pa tayala lakumbuyo, limapala pansi, mwaima. Chikalimba kwambiri sendererani kutsogolo kwa chishalo, pindani zigongono, chifuwa chitsike kuyandikira handulo kuti wilo lakutsogolo lisanyamuke, maso asake mzere umene dothi lake ndi lolimba, nthawi zambiri m'mene munadutsa matayala a galimoto za matabwa. Zikakanika tsikani mukankhe. Ndikunena zoona, palibe manyazi pamenepo, pena kukankha kumafulumira kuposa kupalasa ndipo msana umapumako.

Kutsika nde kumene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa anthu savulala pokwera, amavulala potsetsereka. Musanayambe chitsetse imani kaye pamwamba, imwani madzi, valani jekete ija, pumani mpaka befu athe. Munthu wotopa amaganiza mochedwa.

Manja apite kunsi kwa handulo, kopindika kuja. Poyamba zimaopsa chifukwa mutu umatsika, koma kumeneko ndi kumene zala zimakoka buleki ndi mphamvu ndipo bampu singakugwetseni manja, pamwamba paja dzanja limatha kudumpha nkuchoka. Chala chimodzi kapena ziwiri pa buleki, zotsalazo zigwire handulo koma osaifinya. Mapedulo akhale mopingasa, lina kutsogolo lina kumbuyo, matako anyamuke pang'ono pa chishalo nkubwerera m'mbuyo pang'ono, zidendene zitsike, mawondo ndi zigongono zopinda. Njinga ya gravel nthawi zambiri ilibe mashoko, mashoko ake ndi inuyo. Isiyeni ivine pansi panu, idzagwedezeka, idzasuntha pang'ono uku ndi uku pa timiyala, nzabwinobwino zimenezo, mukaumitsa thupi mpamene imakuponyani.

Maso patsogolo, mamita 10 kapena 15, osati pa tayala. Ndipo yang'anani pamene mukufuna kudutsa, osati chimene mukuopa. Mukati maso dwii pa mwala, mwalawo muugunda ndithu, njinga imatsata maso.

Mabuleki gwirani onse awiri, mofatsa, ngati mukufinya chinthu choti chisaphulike. Ambiri amaopa yakutsogolo poti amva kuti imagwetsa chamutu, koma ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga chifukwa mukamachepetsa liwiro kulemera kumathamangira kutsogolo. Yakumbuyo yokha imangokhukhuluza tayala. Chinsinsi chake nchakuti liwiro lichepetseni njinga ikadali chilili pamzere wowongoka, kona isanafike, ndipo mukalowa mukona zala zimasuke. Kukoka yakutsogolo mwadzidzidzi muli mkati mwa kona ya timiyala, wilo limachoka pansi panu musanaphethire nkomwe. Mukona pedulo lakunja likhale pansi, liponderezeni, pendeketsani njinga kuposa thupi. Pa chitsetse chachitali musangokoka buleki osalekeza, ma disc amatentha nkuyamba kufooka, nde gwirani, siyani, gwirani, siyani, pena imani azizireko. Ndipo musakhudze disc ndi chala kapena mwendo mutangotsika, imawotcha zenizeni.

Pansi pa nkhalango pali misampha yake. Mizu yonyowa imaterera ngati sopo, idutseni mopingasa mowongoka, osagwira buleki muli pamwamba pake. Chimodzimodzi milatho ya matabwa yomera ndere ndi ngalande zimene amakumba modula msewu kuti madzi azituluka, zimenezi zimabwera mwadzidzidzi pa chitsetse, chepetsani liwiro nkupepukitsa wilo lakutsogolo. Masamba ouma amabisa maenje ndi miyala. Mukagwera m'kangalande kokumbidwa ndi mvula kotsata njira, musalimbane nako kuti mutuluke cham'mbali, tsatani komweko uku mukuchepetsa liwiro mpaka kathe. Pa mchenga kapena miyala yothira kumene, kulemera kumbuyo, giya yofewa, pitirizani kupalasa, handulo musaikhotetse mwamphamvu. Pa timizere tija tokhala ngati malata, masulani manja nkunyamuka pang'ono pa chishalo. Chithaphwi kapena kamtsinje kamene simukuona pansi pake, tsikani, ndipo madzi akakhala othamanga ofika m'mawondo bwererani.

Mawu oti njira yopanda magalimoto asakupusitseni. Kuseri kwa kona kutha kukhala lole ya matabwa, galimoto ya oyang'anira nkhalango, mtengo wogwa, geti lotseka, mwana, galu. Liwiro lanu likhale loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene maso akuona, ndipo yendani mbali imene magalimoto amayendera m'dziko limenelo. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba, makutu ndi amene amakuuzani za injini musanaione.

Njirazi timagawana ndi ena ndipo ife a njinga ndi amene timabwera mwakachetechete komanso mothamanga, nde udindo ndi wathu. Oyenda pansi apatseni mpata, imbani belu mukadali patali kapena perekani moni, dutsani pa liwiro loti akhoza kukuyankhani. Mukakumana ndi wokwera hatchi imani, lankhulani kuti nyamayo idziwe kuti ndinu munthu, mufunse mwini wake ngati mungadutse. M'kanjira kopapatiza wotsika amapatukira wokwera, chifukwa wokwerayo akaima kuti ayambenso nkovuta. Geti lisiyeni m'mene mwalipezera. Mukaona chikwangwani choti akudula mitengo, musalowe olo muone ngati kulibe munthu, wa makina uja sakumvani ndipo sakuonani. Mvula ikangogwa kumene tinjira tadothi tipatseni tsiku kapena awiri tiume, matayala amakumba mizere imene madzi amaikulitsa nkukhala zigwembe, zimandiwawa ndikaona kanjira kabwino katawonongeka chonchi. Mapepala, machubu otha, zonse bwererani nazo, ndipo moto m'nkhalango ayi.

Zikavuta nanga? Tayala likaphwa, chokani panjira, tulutsani chubu, ndipo musanaike chatsopano yendetsani chala mosamala mkati mwa tayala monse kusaka minga kapena kawaya kamene kabaya, apo ayi chatsopanocho chiphulikanso pompo. Tayala likang'ambika m'mbali ikani kapepala kolimba kapena kachidutswa ka tayala lakale mkati kuti chubu chisatuluke, popani pang'ono, bwererani mofatsa. Zonsezi yeserani kunyumba kaye, kuphunzira kudula tcheni koyamba muli m'nkhalango mvula ikuwaza si zabwino. Mukasokera musapitirire poganiza kuti zikakumana kutsogolo, m'mapiri njira yolakwika imatha kukutsitsirani chigwa china nkukhala kuti pobwerera mukwerenso zonsezo. Bwererani pa mphambano yomaliza imene mukuidziwa. Dziikireni nthawi yotembenukira musananyamuke, ikakwana tembenukani olo pamwamba pakuonekera, pansi pa mitengo mdima umafika msanga kuposa poyera. Kukayamba chimphepo kapena ziphaliwali chokani pamwamba pa phiri ndipo samalani nthambi zouma. Mukagwa nkumenyetsa mutu, ulendo wathera pomwepo, chizungulire, nseru kapena kuiwala zimene zachitika zikufunika achipatala, ndipo helimeti imene yamenyetsedwa kamodzi isintheni olo ikuoneka yabwino kunja.

Mukafika kunyumba musaigoneke ndi matope. Ndowa ya madzi, kansalu ndi kaburashi zakwana, madzi a mphamvu kwambiri musalozetse m'ma bearing chifukwa amachotsa girizi. Umitsani tcheni, thirani oilo koma asadonthere pa disc kapena mapadi, zungulizani matayala kuona ngati mwatsalira minga. Inunso dzifufuzeni nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa ngati munadutsa m'maudzu, mukaipeza izuleni ndi katwiza mogwira pafupi ndi khungu, kukoka mowongoka. Kenako lembani penapake makilomita, mamita amene mwakwera, maola amene zatenga, madzi amene mwamwa ndi mpweya umene unali m'matayala. Ulendo wotsatira onjezerani mamita 100 kapena 200 okwera, tsitsani mpweya ndi 2 psi, mumve kusiyana kwake pa chitsetse chomwe chija.